Boti, chigayo ndi kabaza: njira iti yotengera manambala a accelerometer mu Linux

Accelerometer ndi kachipangizo kochepa kamene kamayeza kukankhika ndi kugwedezeka kwa chinthu kumbali zitatu, x, y ndi z. Mu foni yanu kalimo, ndipo ndi komwe kamatembenuza chithunzi mukaigoneka foniyo chammbali. Mukakasiya phee pa tebulo, mbali yoloza kumwamba imawerenga pafupifupi 9.8 m/s² chifukwa cha mphamvu yokokera zinthu pansi, pamene mbali ziwiri zinazo zimakhala pafupi ndi 0. Kukalumikiza ku Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono koyendera Linux, ndi mawaya anayi okha, awiri a magetsi ndi awiri a I2C, njira imene tizipangizo timatumizirana manambala. Pamene pagona nkhani ndi pa ulendo wa manambala ake, kuchoka mu kachipangizoka, kudutsa mu kernel, mtima wa Linux umene umalankhula ndi zipangizo, mpaka kufika mu pulogalamu imene mwalemba inuyo ku user space, kunja kwa kernel. Linux ili ndi njira zingapo zotulutsira manambalawa, ndipo iliyonse ili ndi chimene imasunga ndi chimene imataya.

Tisakambe za m'malere. Nazi ntchito zitatu zimene munthu wa kuno ku Mangochi angaganize zochita. Wina akufuna kudziwa mmene boti la injini likupendekera powoloka kupita ku Makanjira mwera utakula mu Julayi. Boti limapendeka pang'onopang'ono, choncho kuwerenga ka 20 pa sekondi n'kokwanira ngakhale manambala ena atachedwako. Wina ali ndi chigayo cha magetsi, ndipo akufuna kudziwa beringi ikayamba kudyeka, isanawononge shafiti. Mota ya pa magetsi athu a 50 Hz imazungulira pafupifupi ka 1450 kapena ka 2900 pa mphindi, ndiye kuti ka 24 kapena ka 48 pa sekondi, ndipo kunjenjemera kwa beringi yodwala kumathamanga kuposa pamenepo. Wachitatu ali ndi njinga zamoto za kabaza zokwera ku Chowe kupita ku Namwera. Iyeyu manambala alibe nawo ntchito, akungofuna uthenga njinga ikagwa.

Atatuwa atha kugula sensa yofanana, koma chimene akuifunsa sichimodzi. Ambiri amasankha njira poona kuti ndi iti ikuonetsa nambala msanga pa sikirini. Ine ndimati funso loyamba likhale lakuti: nambala imeneyi inayezedwa nthawi yanji, ndipo akusunga nthawiyo ndani?

Kulankhula ndi sensa nokha kudzera pa i2c-dev

Apa kernel simuipatsa ntchito yambiri. Imangokutsegulirani mawaya kudzera pa fayilo ya `/dev/i2c-1`, zotsalazo n'zanu. Mukalemba `i2cdetect -y 1` pamatuluka ndandanda ya maadiresi, ndipo ADXL345 ya Analog Devices imaoneka pa 53 kapena pa 1d malinga ndi mmene mwalumikizira phini yake ya adiresi, pamene MPU-6050 ya InvenSense kawirikawiri imaoneka pa 68. ADXL345 imayaka ili chigonere. Mulembe 0x08 mu register (kachipinda kosungira nambala mkati mwa sensa) ya 0x2D kuti iyambe kuyeza, kenako muwerenge mabaiti 6 kuyambira pa 0x32. Asanu ndi amodziwo muwatenge nthawi imodzi, chifukwa mukamatola imodziimodzi sensa imatha kusintha nambala inu muli pakati, mukapeza theka ndi lakale theka ndi latsopano. MPU-6050 nayo imafuna kudzutsidwa polemba 0 mu 0x6B, manambala ake amayambira pa 0x3B, ndipo imatsogoza baiti yaikulu pamene ADXL345 imatsogoza yaing'ono. Mukasokoneza zimenezi, sensa yongokhala pa tebulo imaoneka ngati ikuvina.

Ubwino wa njirayi sitingaukane. Ndi mizere yowerengeka ya Python ndi laibulale yake ya smbus2, simukhudza kernel, ndipo register iliyonse ya sensa ili m'manja mwanu, ngakhale imene olemba driver, pulogalamu ya mu kernel yoyendetsa sensa, sanaivutikire. Pofuna kutsimikiza kuti sensa imene mwaitanitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi yamoyo, palibe njira yachangu kuposa iyi: ADXL345 yamoyo imayankha 0xE5 mukawerenga register ya 0x00. Kwa mwini boti uja, ikhoza kukhala njira yomaliza ndithu.

Kwa mwini chigayo ayi. Pulogalamu yanu ndiyo ikusunga nthawi, ndipo pulogalamu si wotchi. Mumaiuza kuti igone kanthawi kenako iwerenge, koma Linux imaidzutsa ikapeza mpata, ndipo kompyuta ikatanganidwa ndi kulemba pa memori khadi, mpatawo umachedwa. Nthawi imene mumalemba pambali pa nambala ndi nthawi imene pulogalamu inadzuka, osati imene sensa inayeza. Pofufuza kunjenjemera mumadalira kuti mipata ya pakati pa manambala ndi yofanana, ndiye ikakhala yosiyanasiyana zotsatira zake zimasokonekera.

Palinso msampha wina woipa kuposa pamenepa. ADXL345 mukangoiyatsa imayeza ka 100 pa sekondi. Tiyerekeze kuti inu mukuiwerenga ka 50 pa sekondi, mota ikuzungulira ka 48. Manambala anu aonetsa kugwedezeka kwa ka 2 pa sekondi, kumene kulibe n'komwe, ndipo mutha kumangitsa mabawuti a pansi pa chigayo pofuna kuthetsa vuto losakhalapo. Lamulo lake n'lakuti muziwerenga mwachangu kuposa kawiri liwiro la chimene mukufuna kuona, ndipo pa ntchito yeniyeni pamafunika kupitirirapo kwambiri.

Wina anganene kuti ADXL345 ili ndi nkhokwe yakeyake ya FIFO yosunga miyeso 32, bwanji osangoigwiritsa ntchito? N'zotheka. Koma pa liwiro la 800 pa sekondi nkhokweyo imadzaza m'mamilisekondi 40, ndiye mufunika waya wa interrupt umene sensa imaitanira kompyuta, kuudikira kudzera pa laibulale ya libgpiod, kukhuthula nkhokwe, n'kuwerengera nokha nthawi ya muyeso uliwonse. Mukafika apo mwayamba kulemba driver, kungoti mukuilembera pamalo ovuta.

Chinthu chimodzi si vuto la njira iliyonse, ndi la waya. Analog Devices imalangiza kuti pa I2C ya 400 kHz ADXL345 isapitirire miyeso 800 pa sekondi, ndipo pa 100 kHz, pamene Raspberry Pi imayambira, isapitirire 200. Liwiro la 1600 ndi 3200 limafuna SPI, njira ina ya mawaya yothamanga kuposa I2C. Kaya musankha njira iti m'munsimu, malire amenewa akutsatirani.

Zimene malaputopu akale anatisiyira

Nkhani ya accelerometer mu Linux sinayambire pa mafoni. Inayambira pa kuteteza hard disk. Mu 2003 IBM inayamba kuika sensa mu ThinkPad kuti laputopu ikamagwa, mutu wowerengera uchoke pa disk isanamenye pansi. Apple ndi HP anachitanso zawo zofanana. Driver ya hdaps ya ThinkPad inalowa mu kernel mu 2005, ndipo popeza panalibe malo okonzedwera masensa oterewa, inakhala kaye pamodzi ndi zoyezera kutentha ndi mafani mu hwmon. Imatulutsa fayilo ya `position` pansi pa `/sys/devices/platform/hdaps/`, yokhala ndi manambala awiri. Ya HP, lis3lv02d, ili ndi `position` yakenso ya manambala atatu, kuphatikizapo fayilo yapadera ya `/dev/freefall`: pulogalamu ikaiwerenga imangodikira phee mpaka sensa itamva kuti laputopu ikugwa.

Ngati laputopu yanu ya kaunjika ndi ThinkPad kapena HP ya nthawi imeneyo, yang'anani mafayilowa, ndi malo abwino ophunzirirapo osagula kanthu. Koma si chitsanzo choti mutengere. Driver iliyonse inali ndi mayina ake, kalembedwe kake ndi muyeso wake, moti pulogalamu yolembedwera ThinkPad sinkadziwa kanthu pa HP. N'chimodzimodzi ndi maganizo olemba driver yanuyanu yokhala ndi fayilo yake mu `/dev` ndi ma ioctl anu. Imagwira, inde, koma palibe chida china chimene chidzaimva, ndipo kernel ikasintha mudzaikonza nokha mpaka kalekale. Imeneyi tisatayirepo nthawi.

Input: sensa ngati chosewerera gemu

Ma driver akale aja anachitanso chinthu china, anadzionetsa ngati joystick, moti anthu ankasewera Neverball popendeketsa laputopu. Njira imeneyi ndi ya input, yomweyo imene imanyamula kiyibodi ndi mbewa, ndipo inakopa ambiri chifukwa inali yokhwima kale. Sensa imaoneka ngati `/dev/input/event3` kapena nambala ina, ndipo `evtest` imakuonetsani zonse pompo. Uthenga uliwonse uli ndi nthawi, mtundu, khodi ndi nambala. Muyeso umodzi umabwera ngati ABS_X, ABS_Y, ABS_Z, kenako SYN_REPORT wonena kuti gulu latha. Nthawi imaikidwa ndi kernel, ndipo mapulogalamu angapo atha kuwerenga limodzi, iliyonse ndi mzere wake. Poyerekeza ndi i2c-dev, apa tapita patsogolo.

Koma input inapangidwira dzanja la munthu, ndipo khalidwe lake n'logwirizana ndi dzanja. Nambala ikakhala yofanana ndi yapitayo, kernel siitumiza. Mbewa ikapanda kusuntha palibe chonena, n'zomveka. Kwa woyeza, chete ameneyu ndi wosokoneza: simungasiyanitse sensa imene yayeza ka 100 n'kupeza chimodzimodzi ndi sensa imene waya wake wathothoka. Palinso fuzz, sefa yochotsa kusintha kwakung'ono kuti dzanja lonjenjemera lisagwedeze kalozera pa sikirini. Kusintha kwakung'ono komweko ndi kumene mwini chigayo akukufuna.

Kulemera kwake nakonso n'nkhani. Pa kompyuta ya 64-bit uthenga umodzi ndi mabaiti 24, ndiye muyeso umene mbali zonse zitatu zasintha umadya mabaiti 96 kuti unyamule manambala a mabaiti 6. Pulogalamu ikachedwa kuwerenga, mzere umasefukira, kernel n'kutumiza SYN_DROPPED, imene ubwino wake ndi woti mumadziwa kuti mwataya kanthu. Ndipo input ilibe njira imodzi yogwirizana yosinthira liwiro la kuyeza kapena kukula kwa muyeso, driver iliyonse imadzipangira mafayilo ake a sysfs, aja a pansi pa `/sys`. Kalelo masewera ena ankatenga sensa ya laputopu ngati joystick yeniyeni, munthu n'kumadabwa kuti galimoto ya mu gemu ikukhota yokha. Chizindikiro cha INPUT_PROP_ACCELEROMETER chinabwera kudzathetsa zimenezo, ndipo chikakhalapo, resolution ya ABS_X imanena kuchuluka kwa manambala opanga 1 g, ndiye kuti 9.8 m/s² uja.

Kodi ndiye kuti input n'njosafunika? Ayi. Zogwirira gemu za PlayStation ndi Nintendo zimatulutsa accelerometer yawo kudzera pa input, ndipo ndi malo ake oyenera chifukwa imeneyo ndi mbali ya dzanja la wosewera. Komanso driver ya input ya ADXL345, yotchedwa adxl34x, inayamba kale kutumiza kugogoda, kugwa ndi kuyamba kuyenda ngati mauthenga. Koma driver yatsopano ya accelerometer wamba ikatumizidwa kwa osamalira kernel masiku ano, imalozeredwa ku IIO.

IIO, kumene masensa amakhala masiku ano

IIO, kapena kuti Industrial I/O, inayambitsidwa ndi Jonathan Cameron pofuna kutseka mpata wa pakati pa hwmon, imene ndi ya zinthu zosintha pang'onopang'ono, ndi input, imene ndi ya anthu. Inalowa mu staging, malo a mu kernel a khodi yosakhwima, mu 2009, n'kutulukamo mu 2012. Mukaiuza kernel kudzera pa device tree, ndandanda ya zipangizo zolumikizidwa, kuti pa adiresi yakuti pali sensa yakuti, driver imaitenga, ndipo `i2cdetect` imayamba kuonetsa UU pamalo pa 53 kapena 68. Musadabwe, sinafe, kernel yangoitenga. Pulogalamu yanu ya smbus2 ikayesa kulowererapo imakanidwa.

Mu IIO muli njira zitatu, ndipo ambiri amangodziwa yoyamba.

Yoyamba ndi mafayilo a sysfs. Mu `/sys/bus/iio/devices/iio:device0/` mupeza `in_accel_x_raw`, `in_accel_y_raw`, `in_accel_z_raw` ndi `in_accel_scale`. Mukachulukitsa raw ndi scale mumapeza m/s², kaya sensa ndi ya kampani iti. ADXL345 yogona pa tebulo imapereka z wa pafupifupi 256 ndi scale ya pafupifupi 0.038. MPU-6050 pa ±2 g imapereka pafupifupi 16384 ndi scale ya 0.000598. Zonse ziwiri zimakufikitsani pa 9.8. Phindu lalikulu ndi limeneli: sensa ikafa ndi chinyontho cha kunyanja n'kupeza ya mtundu wina, pulogalamu siisintha. Nambala ya `iio:device0` yokha musaikhulupirire, imatha kusintha kompyuta ikayakanso. Werengani fayilo ya `name` kuti mupeze sensa yanu.

Komabe pa nkhani ya nthawi, sysfs siiposa i2c-dev, mwinanso imachepera. Mafayilo atatu ndi maulendo atatu opita ku sensa, ndiye x, y ndi z zimachokera m'miyeso yosiyana, ndipo palibe nthawi yolembedwa. Kuli ngati kugula usipa umodziumodzi pamene pali chigoba. Kwa boti palibe vuto, chifukwa pakati pa x ndi z botilo silinapendeke kwenikweni.

Chigobacho ndi buffer, njira yachiwiri, ndipo pa chigayo ndiyo yokhayo imene ndingavomereze. Kakonzedwe kake kali ndi ndondomeko yofunika kuitsata. Mu `scan_elements/` mulembe 1 mu `in_accel_x_en`, `in_accel_y_en`, `in_accel_z_en` ndi `in_timestamp_en`. Musankhe liwiro mu fayilo ya sampling_frequency. Ngati driver ikufuna trigger, chouza kernel nthawi yotenga muyeso, mulembe dzina lake mu `trigger/current_trigger`. Mukulitse `buffer/length`, chifukwa imene imabwera nayo ndi yochepa zedi. Pomaliza penipeni mulembe 1 mu `buffer/enable`, n'kuyamba kuwerenga `/dev/iio:device0`. Mukayatsa buffer musanamalize zinazo, mukafuna kuzisintha kernel imakuyankhani kuti "Device or resource busy", ndipo ma driver ambiri amakananso mafayilo a raw pamene buffer ikugwira ntchito.

Zotuluka mmenemo si malemba, ndi mabaiti okhaokha, ndipo kamasulidwe kake kali mu mafayilo a `_type` ndi `_index`. Pa MPU-6050, `in_accel_x_type` imanena `be:s16/16>>0`, kutanthauza kuti baiti yaikulu ili patsogolo, nambala itha kukhala ya minus, ndi ya mabiti 16 osungidwa mu mabiti 16, ndipo palibe chosuntha. Masensa a mabiti 12 nthawi zambiri amanena `>>4`, ndipo mukaiwala kusuntha, manambala amakula ka 16. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa timestamp, nthawi yolembedwa pa muyeso uliwonse. Ndi mabaiti 8 owerenga ma nanosecond, ndipo iyenera kuyambira pamalo ogawika ndi 8. Choncho muyeso umodzi si mabaiti 14 ayi, ndi 16: asanu ndi amodzi a x, y, z, awiri opanda kanthu, kenako 8 a nthawi. Mukadula pa 14, muyeso woyamba x, y ndi z zimaoneka bwino, zotsatira zonse n'zinyalala. Pa 800 pa sekondi, IIO imanyamula mabaiti 12,800 pamene input ingafike 76,800.

Trigger ndi imene imauza kernel kuti tenga muyeso tsopano. Yabwino koposa ndi yochokera ku sensa yeniyeniyo, imene imakweza phini ya interrupt muyeso ukakonzeka. Apa ndi pamene waya wachisanu amafunika: driver ya MPU-6050 imadalira phini ya INT kuti buffer igwire, ndipo mukangolumikiza anayi aja mudzakhala mukufunafuna trigger yosaoneka. Pa masensa amene driver yake imalola, mutha kupanga trigger ya hrtimer kudzera pa configfs, kernel n'kumatenga muyeso pa nthawi zoikika. Imeneyi imaposa kugona kwa Python, koma wotchi ya kernel ndi ya sensa siziyendera limodzi ndendende, ndiye nthawi zina muyeso umodzi umatengedwa kawiri kapena kudumphidwa.

Zofooka za buffer nazo zilipo. Fayilo ya `/dev/iio:device0` imatsegulidwa ndi pulogalamu imodzi yokha pa nthawi. Buffer ikadzaza chifukwa mwachedwa kuwerenga, miyeso yatsopano imatayika mwakachetechete, palibe chofanana ndi SYN_DROPPED, mumangodziwira pa mpata umene waoneka mu timestamp. Ndipo si driver iliyonse imene ili ndi zonse. Ya IIO ya ADXL345 inakhala zaka zambiri ndi mafayilo a raw okha, buffer yangowonjezedwa mu ma kernel aposachedwa. Pa kernel yakale mungapeze kuti `scan_elements/` kulibe. Sensa imeneyi ilinso ndi ma driver awiri, ya input ndi ya IIO, ndipo pomanga kernel ya IIO imasankhika pokhapokha ya input itazimitsidwa. Choncho musanagule sensa, yang'anani driver yake mu kernel imene muli nayo, osati zimene zalembedwa pa pepala la sensayo.

Musavutike kulemba zonsezi kuyambira pansi. Mu kernel momwemo, pa `tools/iio`, muli `iio_generic_buffer` imene imayatsa zonse n'kusindikiza manambala omasulira kale. Analog Devices inapanganso libiio, yokhala ndi Python yake, komanso iiod imene imatumiza manambala pa netiweki, moti Raspberry Pi itha kukhala m'chigayo mu fumbi la ufa, inu n'kumaona pa laputopu muli panja pamthunzi.

Njira yachitatu ndi ma event, ndipo ndi ya mwini kabaza. Mu `events/` mumaika malire, mwachitsanzo mbali yakuti ikapitirira nambala yakuti kwa nthawi yakuti. Pulogalamu imapempha fayilo ya mauthenga kudzera pa IIO_GET_EVENT_FD_IOCTL, kenako n'kugona. Sensa ndiyo imakhala maso, ndipo batire imakhalitsa. Koma chenjerani ndi mawu akuti free fall olembedwa pa masensa ambiri. Amatanthauza kuti mbali zonse zitatu zafika pafupi ndi 0, monga foni ikapulumuka m'manja. Njinga yamoto ikaterereka pa kona siigwa choncho, imagona chammbali. Chimene mukufuna kuona ndi 9.8 uja atachoka pa z n'kupita pa mbali ya m'nthiti, n'kukhala komweko masekondi angapo. Mabampu a mumsewu wa fumbi amadutsa malire alionse kwa kanthawi kochepa, ndiye popanda kudikira masekondi amenewo foni ya bwana izilira tsiku lonse. Kawirikawiri chimagwira bwino n'chakuti event idzutse pulogalamu, pulogalamuyo iwerenge raw kwa kanthawi n'kugamula yokha.

Mwini boti nayenso adziwe kuti accelerometer payokha siisiyanitsa kupendeka ndi kukankhidwa. Funde likamenya boti m'nthiti, sensa imaona ngati lapendeka ngakhale lisanapendeke. Pamafunika gyroscope, sensa yoyeza kutembenuka, yothandizana nayo, ndipo MPU-6050 ili nazo zonse ziwiri. Apa buffer imayambanso kukoma ngakhale liwiro ndi lochepa, chifukwa `in_anglvel_x`, y ndi z zimalowa mu muyeso umodzi ndi accelerometer, pa timestamp imodzi.

Pamwamba pa kernel: laputopu yopindika ndi foni ya m'thumba

Ngati chimene mukufuna n'chakuti sikirini ya tabuleti kapena laputopu yopindika izitembenuka, musakhudze chilichonse cha pamwambapa. Pulogalamu ya iio-sensor-proxy, imene analemba Bastien Nocera, imawerenga sensa n'kulengeza pa D-Bus mawu ochepa okha: normal, bottom-up, left-up kapena right-up. Lamulo la `monitor-sensor` limakuonetsani zimene ikuona. Sikirini ikamatembenukira kolakwika, vuto nthawi zambiri ndi mount matrix, manambala 9 onena mmene sensa inagonekedwera mkati, ndipo amakonzedwa mu hwdb ya systemd pa ACCEL_MOUNT_MATRIX. Mukafuna kuyesa buffer nokha pa laputopu yotere, muyambe mwaimitsa proxy, apo ayi mulimbirana fayilo imodzi.

Njira imene anthu a Raspberry Pi amainyoza ndi foni ya Android yakale, yosweka galasi, imene ili mu dirowa. Pansi pake pali kernel ya Linux yomweyi, koma pulogalamu yanu siiloledwa kufika ku mafayilo a sensa. Pakati pali sensors HAL ya opanga foni, ndipo inu mumalandira manambala kudzera pa SensorManager, ali kale mu m/s², uliwonse ndi timestamp yake. Foni imabwera ndi batire, GPS ndi netiweki, zinthu zimene pa Raspberry Pi mungagule padera. Kwa kabaza ndi boti ndingayambire apa, ndipo pulogalamu ya phyphox ya ku yunivesite ya RWTH Aachen imajambula manambala osalemba khodi ngakhale mzere umodzi. Malire ake ndi awa: liwiro limene mwapempha Android imalitenga ngati pempho chabe, kuyambira Android 9 pulogalamu yobisala kumbuyo siilandira miyeso pokhapokha ikhale ndi foreground service, ndipo kuyambira Android 12 simupitirira 200 pa sekondi popanda chilolezo cha HIGH_SAMPLING_RATE_SENSORS. Pa chigayo, 200 atha kukuonetsani kuzungulira kwa mota ndi lamba wolephereka, koma osati beringi. Komanso foni yomangidwa ndi mphira pa mota imayeza kugwedezeka kwa chikwama chake. Sensa ya chigayo imafuna kumangidwa zolimba pa chitsulo, pafupi ndi beringiyo. Dzuwa la Okutobala kuno nalonso silichitira chifundo batire ya foni yosiyidwa pamtetete.

Tibwerere ku wotchi, chifukwa ngakhale mutasankha buffer ya IIO pali kanthu kena kobisika. Timestamp ya IIO imayambira pa wotchi ya realtime, yomwe imanena tsiku ndi ola. Raspberry Pi isanafike Pi 5 ilibe wotchi yoyenda ndi batire, ndiye magetsi akathima n'kubweranso, imayaka ndi nthawi yakale imene inasunga, kenako ikapeza intaneti nthawi imadumpha maola angapo kamodzi. Pulogalamu yowerengera mipata ya pakati pa miyeso imaona ngati pakati pa miyeso iwiri padutsa theka la tsiku. Musanayatse buffer, lembani `monotonic` mu fayilo ya `current_timestamp_clock`, wotchi imeneyo siidumpha. Pa input, chofanana nacho ndi ioctl ya EVIOCSCLOCKID. Tsiku ndi ola lenileni mulilembe padera pamutu pa fayilo ya zotsatira, ndipo mulilembenso netiweki ikangobwera.